Zimene ndinakumana nazo pofuna kuchoka pa steji kupita pa kanema ku Cape Town

Ndinayamba zisudzo ndili ku sekondale m'chaka cha 2004, pa mpikisano wa ATEM umene sukulu zinkapikisana pa masewero a Chingerezi, ndipo nditamaliza Fomu 4 ndinalowa gulu lina la zisudzo mumzinda wa Blantyre. A msinkhu wanga tinakula tikumva mbiri ya Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, ngakhale kuti iye anamwalira mu 1999 ambiri a ife tisanamuonepo ndi maso. Kwa zaka 13 ndinasewera ku French Cultural Centre, m'maholo a sukulu, ndiponso m'mabwalo a m'midzi kumene mabungwe ankatituma kukaphunzitsa anthu za umoyo. Ndalama za pakhomo tikagawana, titachotsapo ya holo ndi ya galimoto, nthawi zambiri zinkangokwana minibasi yobwererera kunyumba ndi ndiwo za tsikulo.

Chimene chinandikopa mtima kunja kwa steji chinali makanema a nkhani zopeka za sayansi, aja a zombo za m'mlengalenga ndi zolengedwa za m'mapulaneti ena. Ndinawerenga mbiri ya Patrick Stewart, amene analowa gulu la Royal Shakespeare Company mu 1966 n'kukhala pa steji zaka zoposa 20 asanatengedwe mu 1987 kukasewera ngati kapitawo wa chombo mu Star Trek: The Next Generation, pulogalamu imene inayenda mpaka 1994. Ndinkati ngati steji inamufikitsa iye pamenepo, inenso indifikitsa. Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthuyo anapita ku America ali ndi ejenti (munthu wopezera wosewera ntchito), mgwirizano wolembedwa, ndi chilolezo chogwirira ntchito. Ine ndinaona luso lokha, ndipo kulakwa kwanga konse kunayambira pamenepo.

Kumapeto kwa 2017 ndinadziwana ndi munthu wina wa kwathu konkuno, wokhala ku Cape Town, kudzera pa gulu la WhatsApp la anthu a zisudzo. Ankadzitcha ejenti. Zambiri zimene ankanena zinali zoona: makampani a ku America ndi ku Ulaya amajambuladi makanema ku Cape Town chifukwa ndalama zimene amawononga kumeneko n'zocheperako, kuli situdiyo yaikulu ku Faure m'mbali mwa msewu wa N2, ndipo kufupi ndi mzindawo kuli mapiri, nyanja ndi milu ya mchenga zimene pa kanema zimaoneka ngati dziko lina. Choonadi chimenechi ndi chimene chinandichititsa kukhulupirira bodza limene anasakanizamo. Anandiuza kuti nditumize R1,500 yolembetsera dzina langa, ndipo ndinatumiza. Ndikanadziwa kuti ejenti weniweni salipiritsa munthu asanamupezere ntchito, koma amadula gawo lake pa malipiro ntchito ikagwiridwa, ndikanazindikira tsiku lomwelo kuti ndikuchita ndi munthu wotani.

Ndinagulitsa njinga yanga yamoto, achemwali anga anandibwereka ndalama zina, ndipo ndinanyamuka ndi K350,000. Basi inadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, ndipo pa 14 January 2018 anandidindira masiku 30 pa Beitbridge, monga amachitira ndi Mmalawi aliyense wopita kukacheza. Chidindo chimenecho sichilola munthu kugwira ntchito ya mtundu uliwonse. Nditafika ku Cape Town ndinamufunsa mnzanga uja za nkhaniyi, ndipo yankho lake ndikulikumbukira bwino: "Achimwene, za mapepala musade nazo nkhawa, aliyense kuno akuyenda choncho." Ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona.

Ntchito imene anandipezera inali ya anthu odzaza khamu kumbuyo kwa osewera enieni, amene kumeneko amawatcha ma extra. M'miyezi itatu ndinagwira masiku 9 okha. Galimoto inkatitenga nthawi ya 4 koloko m'bandakucha kupita ku milu ya mchenga ya ku Atlantis, kumpoto kwa mzinda, kumene tinkavala zovala zolemera za nsalu zokhuthala ndi kupakidwa utoto kumaso, kenaka n'kudikira padzuwa maola ambiri kuti atiitane. Inali nthawi ya chilala chachikulu chija pamene munthu aliyense ku Cape Town ankaloledwa malita 50 okha a madzi pa tsiku kuyambira pa 1 February, ndipo ndinkabwerera ku chipinda chimene ndinkagona ndi anyamata ena atatu ku Masiphumelele thupi lonse lili mchenga, n'kusamba madzi a m'kabeseni kakang'ono. Koma chondivuta kwambiri chinali china. Popeza ndinalibe chilolezo, mnzanga uja ankandilembetsa m'dzina la munthu wina amene anali ndi mapepala, ndipo madzulo alionse ndinkasaina dzina limenelo pa pepala la malipiro. Ndalama zinkapita ku akaunti ya munthu ameneyo, ine n'kumalandira R400 pa tsiku m'manja. Za masiku anayi omaliza sindinazione mpaka lero, ndipo panalibe koti ndikadandaule, pakuti pa pepala ine sindinagwirepo ntchito n'kamodzi komwe. Aliyense amene angakuuzeni kuti musaine dzina la wina akukulandani ntchito yanu pamodzi ndi umboni woti munaigwira, ndiponso akukuikani pa mlandu umene ungakutsekereni m'ndende.

Tsiku lina kumayambiriro kwa April, wothandizira dayirekitala ankafuna munthu mmodzi m'khamu woti afuule mawu ochenjeza anzake. Anayesa anthu awiri koma mphepo ya kumchenga inameza mawu awo. Ine ndinali nditazolowera kulankhula m'mabwalo a m'midzi popanda maikolofoni, ndipo nditafuula aliyense anacheuka. Madzulo a tsiku limenelo mayi wina wosankha osewera anandipatsa nambala yake kuti ndikayesedwe pa gawo lolankhula.

Kuyesedwa koyamba ndinalephera. Ndinasewera monga ndinkachitira ku holo, manja ali m'mwamba, maso otong'ola, mawu okafika kumpando wakumbuyo. Mayiyo anandionetsa zimene anajambulazo, n'kundifotokozera kuti kamera ili pafupi ndi nkhope yanga kuposa woonerera aliyense amene ndinakhalapo naye, choncho ndikangoganiza chinthucho mumtima, icho chionekera chokha m'maso. Anandipatsa masiku atatu. Ndinawathera ndikudzijambula pa foni, kuchepetsa chilichonse chimene ndinachiphunzira pa zaka 13, ndipo nditabwerera anandisankha kukhala mlonda wa pachipata cha mzinda wa m'nkhaniyo, gawo looneka m'zigawo zinayi za pulogalamuyo. Usiku umenewo ndinaimbira mayi anga ndikulira ndi chimwemwe.

M'mawa mwake ku ofesi anandipempha pasipoti. Munthu amene anaitsegula anayang'ana chidindo, n'kundiyang'ana ine, ndipo sanafunike kunena kanthu. Anali anthu abwino. Anandifotokozera kuti lamulo la zolowa ndi zotuluka la South Africa, m'gawo 11(2), limalola mlendo kugwira ntchito ya nthawi yochepa mpaka masiku 90, kuti makampani a makanema amagwiritsa ntchito njira imeneyi kawirikawiri, ndipo kuti iwo anali okonzeka kundilembera kalata. Koma chilolezocho chimapemphedwa munthu asanalowe m'dzikomo, kotero ndinayenera kubwerera ku Malawi. Anati andidikira milungu itatu.

Ndinafika pa Beitbridge pa 20 April, nditapyola masiku anga ndi 66. Ine ndinkaganiza kuti ndilipira chindapusa n'kudutsa, monga ankakambira anthu akale a ku Joni, osadziwa kuti malamulo anasintha mu 2014. Tsopano wopyola masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowa m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo wopyola masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Anandipatsa pepala lonena zimenezo, ndinasaina, ndipo ndinakwera basi. Kuchokera pamenepo mpaka ku Blantyre sindinadye kanthu. Ofesala amene anandipatsa pepalalo sanalakwe chilichonse. Masiku 66 aja ndinawawerenga ndekha, limodzi ndi limodzi, ndikudziuza kuti ndikonza mawa. Ndikanatuluka pa 13 February, ngakhale ndilibe ntchito m'manja, gawo lija ndikanabwerera kudzalitenga ndi mapepala oyenera. Ndinalemba kalata yopempha kuti chiletsocho chichotsedwe, pakuti njira yotero ilipo, koma imathandiza amene ali ndi chifukwa chomveka monga matenda okhala ndi umboni wa kuchipatala. Ine ndinalibe.

Zaka zisanu zimenezo sindizifotokoza zambiri. Chaka choyamba ndinkanamiza anzanga kuti pulogalamuyo inaimitsidwa, chifukwa cha manyazi. Ndinabwerera ku steji, ndinachita masewero a pa wailesi, ndipo ngongole ya achemwali ndinkabweza pang'onopang'ono. Chinthu chimodzi chanzeru chimene ndinachita n'chakuti ndinamulembera mayi wosankha osewera uja n'kumuuza zoona zonse. Sanandiiwale. Mliri wa Covid-19 utasintha kayesedwe ka osewera, makampani ambiri anayamba kulandira ma self-tape, kutanthauza kuti wosewera amadzijambula yekha kunyumba n'kutumiza pa intaneti, ndipo munthu wa ku Blantyre akanatha kupikisana ndi wa ku Cape Town popanda kukwera basi. Ndinagula nsalu yotuwa yopachika pakhoma ndi kachitsulo koimikira foni, ndinkajambula m'mawa pafupi ndi windo chifukwa magetsi sanali odalirika, ndipo tsiku lililonse ndinkaphunzira kalankhulidwe ka Chingerezi cha ku America, chimene makanema ambiri otere amafuna. Mu 2022 mayiyo anandilumikiza ndi ejenti weniweni, amene sanandipemphe ngakhale tambala.

Chiletso chinatha mu April 2023, ndipo mwamwayi ndinasankhidwa pa pulogalamu ina ya nkhani za m'mlengalenga, kukhala mkulu wa mtundu wa zolengedwa za pulaneti lina, ntchito ya masiku 8. Ulendo uno kampani inatumiza kalata, ndinapempha chilolezo ndili ku Malawi, ndipo ndinadikira milungu isanu. Ndinatera ku Cape Town pa 29 May ndili ndi masiku 90 ovomerezeka.

Ntchito imeneyi ndi imene ndinailota, ndipo ndiyenera kunena kuti inali yokoma monga ndinkaganizira, koma yolemetsa thupi kuposa sewero lililonse limene ndinachitapo. Poyamba anatenga chikombole cha mutu wanga: anandimata phala lozizira nkhope yonse, n'kusiya timabowo ta mphuno tokha, ndipo ndinakhala osagwedezeka pafupifupi theka la ola. Amene amaopa malo opanikizika aziwauziratu, chifukwa pali njira zina zochitira. Pa chikombolecho anaumbapo zidutswa za silikoni (chinthu chofewa ngati mphira) za pachipumi, m'masaya ndi pachibwano. Tsiku lojambula ndinkakhala pampando kuyambira 3 koloko usiku, kumata ndi kupaka utoto kunkatenga maola atatu ndi theka, ndipo kuchotsa madzulo kunkatenga ola lina, pakuti ukazisomphola mwaphuma guluu amachoka ndi khungu. Inali nyengo yozizira ya mvula ya kumeneko, koma mkati mwa nkhope imeneyo thukuta linkangoyenderera. Kumbuyo kwathu kunali nsalu yobiriwira yokha, pamene a makompyuta anadzaikapo mzinda pambuyo pake, ndipo chilombo chimene ndinkalankhula nacho chinali mpira wa tenesi womangirira pandodo.

Apa ndi pamene zaka za pa steji zinandibwezera mphotho. Wosewera wa ku Malawi wakhala akuloza mpando wopanda kanthu n'kuuchititsa kukhala galimoto kapena bokosi la maliro, oonerera n'kukhulupirira, choncho kulankhula ndi mpira sikunandivute. Ndiponso aliyense amene anaonererapo gule wamkulu amadziwa kuti nkhope ikaphimbidwa, khalidwe limaonekera m'mayendedwe, m'mapewa ndi m'kapendekedwe ka mutu. Zimene ndinachepetsa mu 2018 kuti ndikwane pa kamera ndinafunika kuzibweza pang'ono, popeza silikoni imameza theka la zimene nkhope ikuchita. Dayirekitala anandiyamikira pamaso pa anthu tsiku lachiwiri, ndipo ndinamva kuti ndafika.

Koma ndinali nditalakwitsa kale kachiwiri, pa pepala lina. Mgwirizano wa masamba 23 unandipeza madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti ndikayesedwe zovala. Ejenti wanga anandiuza kuti ndiuwerenge ndipo ndimuimbire ngati pali chosamveka. Ndinawerenga tsamba la malipiro, ndinaona chiwerengero chimene sindinalandirepo m'moyo mwanga, ndipo ndinasaina. Ndinachita manyazi kufunsa, poopa kuti aona ngati munthu wa ku Malawi sadziwa Chingerezi cha malamulo, komanso ndinkaopa kuti ndikavuta atenga wina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munali ziganizo zitatu zimene ndinayenera kuziona. Choyamba chinkati ndidzalipidwa masiku okhawo amene ndajambuladi, ngakhale anali atandisungitsa masiku 8. Chachiwiri chinkati ntchito ikaima pa zifukwa zimene kampani singaziletse, kuphatikizapo sitalaka, udindo wawo pa ine watha. Chachitatu chinkapatsa kampani ufulu wogwiritsa ntchito chithunzi changa ndi mawu anga, m'njira iliyonse, mpaka kalekale, popanda malipiro ena. Ndi chifukwa cha chiganizo chimenechi kuti tsiku lina, ndili m'zovala zonse, anandilowetsa m'kachipinda kozunguliridwa ndi makamera ambirimbiri n'kujambula thupi langa mbali zonse kuti likhale m'kompyuta. Zinatenga mphindi zochepa, ndipo ndinkaona ngati ndi mbali ya ntchito basi.

Wofuna kupita kumeneko adziwe kuti ku South Africa wosewera amatengedwa ngati munthu wodzigwirira ntchito payekha, choncho malamulo ambiri oteteza olembedwa ntchito samukhudza, ndipo kawirikawiri salandira kanthu pulogalamu ikamaonetsedwa mobwereza. Bungwe la osewera la South African Guild of Actors lakhala likumenyera kuti zimenezi zisinthe, ndipo bilu yoteteza osewera inadutsa ku nyumba ya malamulo mu 2024, koma Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitumiza ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko m'malo moisaina. Chitetezo chimene wosewera ali nacho ndi chimene chalembedwa mumgwirizano wake, ndipo nthawi yokambirana ndi pamene cholembera chisanakhudze pepala. Ejenti wanga anadzandiuza pambuyo pake kuti ndikanamuimbira, mwina akanatha kupempha kuti andilipire masiku ena otsimikizika ndiponso kuti chithunzi cha m'kompyuta chigwire ntchito m'zigawo zokhazo zimene ndinasewera.

Olemba makanema a ku America anali atayamba kale sitalaka pa 2 May 2023, koma ife tinkapitiriza chifukwa nkhani yathu inali italembedwa yonse. Pa 14 July bungwe la osewera la SAG-AFTRA nalonso linalowa sitalaka, ndipo zina mwa zimene ankadandaula zinali zomwezi: malipiro a mapulogalamu oonetsedwa pa intaneti, ndi kugwiritsa ntchito zithunzi za osewera za m'kompyuta popanda chilolezo chomveka. Osewera akuluakulu a pulogalamu yathu anali mamembala a bungwelo, choncho ntchito inaima tsiku lomwelo. Ine ndinali nditajambula masiku atatu mwa asanu ndi atatu aja. Kampani inandilipirira malo ogona sabata imodzi yokha, n'kundipatsa mwayi wobwerera kwathu. Ndinakana, poganiza kuti sitalakayo sitenga mwezi, ndipo ndinachita lendi kachipinda ndi ndalama zimene ndinabwereka. Sitalakayo inatenga masiku 118, mpaka pa 9 November. Milungu isanu imene ndinadikira inandidyera pafupifupi R7,000 popanda chobwezera.

Mayesero ofuna kukhalabe anabweranso, ndipo anali amphamvu monga a 2018, chifukwa sabata iliyonse kunkamveka mphekesera zoti agwirizana mawa. Ulendo uno ndinali nditalemba tsiku lothera chilolezo papepala n'kulimata pachitseko. Ndinatuluka pa 20 August, kutatsala masiku 7, ndipo pasipoti yanga inadindidwa popanda funso.

Malipiro anafika patapita miyezi iwiri kuchokera tsiku langa lomaliza kujambula. Masiku atatu aja pamodzi ndi tsiku loyesa zovala anakwana R21,000. Anadulapo 25 pa 100 ya msonkho ndi 15 pa 100 ya ejenti, ndipo ine ndinalandira R12,600. Chiwerengero cha pa mgwirizano chikamakusangalatsani, yambani mwachotsapo magawo amenewa, kenaka muwerenge kuti mudzadya chiyani pa miyezi imene mukudikira. Nditabweza R7,000 ija, zotsalazo ndinamalizira ngongole ya achemwali anga ya mu 2018.

Kujambula kunayambiranso mu 2024, koma nkhani anailembanso mofupikitsa ndipo sanandiitane. Pulogalamuyo itatuluka ndinaionera kwa mnzanga amene ali ndi intaneti yabwino, mayi anga ali pambali panga. Gawo langa lolankhula linatsala pafupifupi mphindi ziwiri, ndipo dzina langa lenileni linalembedwa kumapeto, chinthu chimene ndinachiyembekezera kuyambira tsiku lija ndinkasaina dzina la wina ku Atlantis. Mayi sanandizindikire mpaka nditalankhula, pamenepo anati, "Mawuwo ndi ako, mwana wanga." M'chigawo chotsatira ndinadzionanso nditaima m'khamu pabwalo la mzinda, kawiri konse, m'zochitika zimene zinajambulidwa ine ndili ku Blantyre. Ndinamulembera ejenti wanga usiku womwewo, ndipo anandiyankha m'mawa ponditumizira tsamba 17 la mgwirizano uja, pamene pali siginecha yanga m'munsi.